Manja Ozizira a Mayi Fumie

Amalume anga a Shigeo amaweta ng'ombe za mkaka kumpoto kwa Hokkaido, koma mtima wawo uli pa kamtsinje ka kuseri kwa khola. Chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chikayamba kusungunuka, nsomba za itou zimakwera kudzaikira mazira kumeneko. Ndi zazikulu, kutalika kwake kufika m'chiuno mwa munthu, ndipo amalume amati mtundu wake ndi wakalekale.

Akazi awo, Mayi Fumie, amazitcha "akazi anzanga".

Chaka chatha kunakwera yaikazi imodzi yokha. Inakumba pamiyala n'kumadikira, yaimuna osaoneka. Amalume anasiya kudya bwino. Mnzawo wina, a Kudo, anati abweretsa yaimuna ya kumtsinje wa kwawo.

"Mtsinje uliwonse uli ndi magazi ake, achimwene," anakana amalume. "Ana a yanuyo sadzawadziwa madzi athu."

"Ndiye muikwatire nokha!" anatero a Kudo.

Ndine amene ndinadzaona yaimuna ya m'kamtsinje kathu komweka. Ndinkadutsa pamene madzi a kamtsinjeka amatulukira m'chipaipi cha pansi pa msewu, ndipo inali apo, yofiira psuu, ikudumpha n'kumagwanso. Pakamwa pa chipaipicho panali patakokoloka, moti panatalika kwambiri kuti ikwerepo. Ndinathamanga kukauza amalume.

Panafunika kuinyamula kuiwolotsa msewu. Koma nsombayi ndi ya madzi ozizira, ndipo amalume salola munthu kuigwira ndi dzanja lofunda, ati limaiwotcha khungu. Anakwirira manja awo m'chipale kuti azizire, n'kuwagunditsa patsaya langa. Anali ngati mbaula. Anabwerezanso, chimodzimodzi.

"Tapatukani, abambo," anatero Mayi Fumie, omwe anatilondola atavala epuloni. "Chikwatirane mwakhala mukudandaula kuti manja angawa ndi ozizira ngati a chule. Lero agwire ntchito."

"Muigwetsa inu, amayi," anatero amalume.

"Ndikaigwetsa mudzandisiye."

Mayi Fumie analowa m'madzi mpaka m'maondo. Amalume anaitchinga ndi ukonde, mayiwo n'kuifungatira ngati khanda, mchira ukuwamenya m'nthiti. Ine ndinaima pamsewu kuyang'ana magalimoto, ngakhale kwathu sikudutsa ambiri.

Itatsitsidwa tsidya linalo inangoti duu kanthawi, kenako inalunjika kumtunda. Madzulo ake tinaziona zili ziwiri pamiyala paja.

Pobwerera amalume anagwira manja a akazi awo, n'kuwalowetsa m'thumba la jekete lawo.

"Musawafunditse kwambiri," anatero mayiwo. "Chaka chamawa mudzawafunanso."