Tambala wa Amayi pa Shopu ya Matayala

Masiku ano ndimayeza ana sikelo m'midzi ya ku Midzemba, ndipo palibe mayi amene anandifunsapo kumene ndinaphunzira. Koma ndikamva fungo la matayala atsopano, manyazi amandigwirabe.

Mayina a osankhidwa kupita ku makoleji a boma atatuluka, langa panalibe. Ndinali nditakhoza ndithu, koma malo anali ochepa. Ndinalowa koleji ina yapulayiveti ku Limbe kukaphunzira za umoyo wa anthu akumudzi. Kwathu ku Matandani ndinkangoti "kukoleji", osawonjezerapo kanthu. Sindinkanena kuti kolejiyo inali pamwamba pa shopu ya matayala, tizipinda tochepa ndi masitepe onunkha mphira.

Amalume, monga eni mbumba, ndiwo anali ndi mawu omaliza pa ine. Sukulu zapulayiveti ankazitcha misika ya mapepala. Chaka choyamba chitatha anagamula kuti amayi apite akaione sukulu yanga ndi maso awo, ndipo ikakhala yachibwana ndibwerere kumudzi ndizikalima chimanga.

Amayi anatsika minibasi ya ku Neno fumbi lili mbuu, dengu la manachesi pamutu, tambala m'khwapa. Kwathu supita chimanjamanja kwa munthu amene akukusungira mwana. Nditawapempha kuti tambalayo timusiye kumene ndinkagona, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Pakhomo pa shopu paja panakhala bambo wina wonenepa, wamagalasi, akuwerenga nyuzipepala. Ndisanatsegule pakamwa, amayi anali atatula dengu n'kugwada pasimenti yodetsedwa ndi oyilo.

"Muli bwanji aphunzitsi aakulu? Ndine mayi wake wa uyu. Tabwera ndi kankhuku aka basi, mutisungire mwanayu."

"Mayi, ine ndimagulitsa matayala," anatero bamboyo, akuyesetsa kubisa chiseko. "Sukulu ili pamwambapo."

Anzanga amene anali pamasitepe sanabise chawo. Ndinasowa poika nkhope. Ndinachita manyazi ndi amayi pamaso pa anzanga, ndinachitanso manyazi ndi sukulu yanga pamaso pa amayi. Ndinakwera masitepe mothamanga ngati mayiwo sindikuwadziwa. Iwo anadzitwika okha dengu lija n'kumanditsatira pang'onopang'ono.

Mkulu wa koleji weniweni anali mayi wamfupi wosachulutsa mawu. Analandira tambala ndi manja awiri, nawalola amayi kukhala kumbuyo m'kalasi. Phunziro linali la kasamalidwe ka madzi a pachitsime, lonse m'Chingerezi, ndiye amayi sanatolepo kanthu. Ankangoyang'ana anthu: bambo wa imvi akulemba motsalira, mtsikana wobereka mwana, anyamata opanikizana pabenchi limodzi mpaka wakumapeto wangokhalira mbali imodzi.

"Kodi onsewa boma linawasiya?" anandinong'oneza.

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga akanapita kuti?"

Potuluka anagawira anzanga manachesi, ndi oseka aja omwe. Wamatayala anamupatsanso ake, ati ndiye anayamba kuwalandira.

Kenako ndinawaperekeza amayi kudepoti. Ine mtima unali m'mwamba, ndikudziona kale ndili ndi khasu paphewa, amalume akuuza aliyense kuti ananena. Ndinayesa kuwalandira dengu lopanda kanthulo, koma anandikaniza.

Atakhala m'minibasi anatsegula zenera.

"Amalume ako ndikawauza kuti sukulu ndaiona, ndi yeniyeni. Uzipitiriza."

Ndisanathokoze, anawonjezera motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Koma ndakuonanso iwe, mwana wanga. Pamasitepe paja unatithawa tonse awiri, ine ndi sukulu yakoyo. Ndife osaoneka bwino, eti? Koma ena atakusiya, amene tinakutola ndife."

Minibasi inanyamuka.