Payipi ya ku Joni m'dimba la Nanzunga

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene feteleza anakwera mtengo mpaka chimanga chathu chinangofiira m'munda. Bambo anga anagwirako ntchito kumigodi kalekale, ndipo pobwera anali ndi njinga, wayilesi ndi chikhoti chimene ankavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndiye ine mwana wawo ndikanalephera bwanji? Mkazi wanga Nanzunga sananene zambiri. Anandikazingira mtedza n'kundiperekeza mpaka pamsewu wa tala pa Biriwiri, mwana wina kumsana, wina kumanja.

"A Ngozo, mukakafika musakaiwale kuti kuno kuli anthu," anatero, basi.

Ntchito imene ndinapeza inali yochapa makapeti. Ine wokulira m'nyumba yozira, ndinkaseka chamumtima kuona anthu akutulutsa ndalama kuti tiwachapire pansi. Makina athu ankakhala m'galimoto panja, ndipo ife tinkakoka payipi kuchokera pamenepo mpaka m'zipinda, kuti iziyamwa madzi akuda ndi fumbi. Bwana wanga anali mzungu wachikulire, wamwano pakamwa koma wodziwa ntchito. Ndi amene anandiphunzitsa kusankha payipi. Yaing'ono, ya inchi imodzi ndi theka, imapepuka m'manja, koma ukaitalikitsa makina amangolira chabe, kapeti n'kutsala yonyowa, mawa lake mwini nyumba n'kuimba foni kuti m'nyumba mukununkha. Ya mainchesi awiri imalemera ngati nsato, koma imakokabe ngakhale mutakwera nayo nyumba yosanja. Ndiye tinkayala yaikuluyo kuchokera pagalimoto, yaing'ono n'kungolumikiza kachidutswa kakafupi kumapeto.

Mpaka lero ndikamva fungo la sopo m'madzi otentha ndimakumbukira m'mawa wozizira wa Juni, nthunzi ikufuka pakapeti, mzere woyera ukutsata dzanja langa. Ntchitoyo ndinaikonda, ndisaname. Chimene chinkandipweteka ndi Lamulungu. Ndinkangokhala m'kachipinda kanga ka malata, anthu panja akucheza m'zinenero zawo, ine ndikulakalaka mbatata ya kachewere yakwathu ndi chifunga cha m'mapiri. Masiku amenewo kumudzi kunalibe foni, uthenga ndi ndalama zinkayenda ndi madalaivala a mathiraki. Miyezi ina ndinkatumiza, ina ndinkaphonya, ndipo yophonyayo inayamba kuchuluka.

Sikuti ndinkamwera mowa ayi. Ndinali ndi maganizo odzatsegula bizinesi yangayanga ku Lilongwe, yochapa makapeti m'mahotela. Ndinayamba ndi kugula payipi ya mainchesi awiri, yabuluu, yaitali moti ikanazungulira nyumba yathu n'kutsalako. Ndinaipatsira dalaivala wina wa ku Sharpevale ndi mawu akuti Nanzunga aisunge kudenga, makoswe asaiboole, munthu asaikhudze, makina akubwera pambuyo.

Makinawo sanabwere. Bwana anadwala n'kugulitsa galimoto, ine ndinayenda m'maganyu nthawi yaitali, kenako apolisi anandigwira ndilibe mapepala n'kundibweza kwathu. Ndinatsika basi pa Biriwiri ndi jumbo m'manja. Njira yonse ndinkadzitonthoza ndi payipi ija. Payipi yotere imagulika ikakhala yathunthu, yopanda zigamba. Ndinkati ndikaigulitsa ku Lilongwe ndipeza mpamba, anthu asanene kuti mwana wa a Ngozo wabwera chimanjamanja pamene bambo ake anabwera ndi njinga.

Kunyumba ndinapeza chitseko chotseka. Mayi wina woyandikana nafe anandilonjera, n'kundilozera kudambo. Ndili patali ndinaona Nanzunga ali pamwamba pa pampu yopalasa ndi miyendo, chitenje chili m'maondo, madzi akuyenda m'mizere ya kabichi. Kuchokera papampuyo kukalowa mumtsinje panali chinthu chabuluu, chachifupi, chopakika matope. M'dimba la tsidya lina munali chinanso chabuluu. Ndinaizindikira payipi yanga.

Nanzunga anatsika, napukuta manja, nagwada pang'ono.

"Mwafika, a Ngozo? Mwayenda bwanji?"

"Nanzunga, mwaidula?"

"Eya, ndinadula," anayankha osaphethira n'komwe. "Payipi yomwe inabwera ndi pampuyi inang'ambika chaka cha njala chija. Zapagolosale n'zazing'ono, zimangophwafuka ukayamba kupalasa. Yanuyi inalowa ndendende, koma yonse inatalika, madzi samakwera. Ndiye ndinatenga chikwanje."

"Nanga zidutswa zinazo?"

"China chili kwa achemwali anu. China kwa amayi a mvano amene ankatigawira ufa. Ndikanati ndidikire makina anuwo, ana mukanawapeza kumanda."

Ndinali nditakonza kale mawu aukali, koma maso anga anagwera padimba. Ndinayang'ana kabichi uja, mitu yake ikuluikulu, tomato atamangiriridwa pamitengo, kachewere akuchita maluwa. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kuno anthu angokhala pakhonde kudikira ine, kuti mudzi uli chiimire mpaka nditabwera ndi katundu. Koma ana anali kusukulu, dimba linali lobiriwira, ndipo kuchokera kumadimba oyandikana anthu ankaitana Nanzunga kumufunsa za mbewu, ine osandizindikira. Ndinachita manyazi, ndipo ndinene zoona, ndinachitanso nsanje. Kwathu kunali kutaphunzira kukhala popanda ine, ndipo sindinadziwe ngati malo anga analipobe.

Nanzunga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyang'ananso jumbo ija. Sanafunse za makina. Anatola jumboyo n'kukaiika pamthunzi.

"Ndiye mungoima pomwepo ngati mlendo? Vulani nsapato za ku Jonizo mupalaseko. Ine miyendo inatopa kalekale."

Ndinavula nsapato n'kukwera.