Phazi la Samruai

Mchimwene wanga Samruai ankadyera phazi lake lamanja. Kwathu ku Roi Et aliyense amamenya takraw, kampira koluka kaja kodumphitsa pa ukonde ndi mapazi, koma iye ankachita kutembenuzika m'malere, anthu n'kusiya kudya. Sukulu inamukana ali wamng'ono, khasu ankalionera patali. Ndiye tsiku lina anatera molakwika, fupa la phazi n'kuthyoka.

A dokotala Chaluai, mayi wamfupi wa imvi, anamuchita opaleshoni n'kulamula kuti akagona, phazi lizikhala m'mwamba pa mapilo. Samruai anavomera. Amavomera chilichonse mwana ameneyu, n'chimene chimandinyansa.

Kunyumba sanachite. Nyumba yathu ndi ya chipinda chimodzi. Akaloza phazi uku, kuli shelefu ya Buddha ndi chithunzi cha malemu bambo. Akaloza uko, kumagona amayi. Munthu woleredwa sakwezera akulu phazi. Analitsitsa pansi n'kulifunditsa nsalu. Linatupa, bala linatseguka, zala zinachita dzanzi. Mwini wakenso anachita dzanzi: osalira, osadandaula, kumangoyang'ana denga. Ndinamukalipira mpaka kutopa, kenako nanenso ndinangokhala.

Samruai atajomba kuchipatala, adokotala anabwera okha pa njinga yamoto, tsiku lawo lopuma. Anavula nsapato, anagwadira shelefu ija, n'kukhala pansi pakati pa iyo ndi wodwala wawo. Phazi lonunkhalo analinyamula n'kulisanjika paphewa pawo. Amayi anaphimba kumaso.

"Adokotala, chonde, musatero," anatero Samruai.

"Khala chete iwe. Ulemu wakowu wandionongera ntchito. Ndinasoka bwinobwino ine apa."

Anatsuka, anamanga, n'kupempha amayi kuti asunthe mphasa yawo, phazi lipeze kolozera. Anapitiriza kubwera, mvula kaya dzuwa, kumadya mpunga wathu womata uku akunyoza tsabola wanga kuti ndi wa makanda.

Bala litapola anamuyendetsa pabwalo, kupita ndi kubwerera, maso ali pa chidendene.

"Ndidzaseweranso, adokotala?"

"Kuyenda uziyenda mpaka ukalambe. Koma kudumpha kuja ayi, mwana wanga. Ndayesetsa."

Samruai anaphatikiza manja pachifuwa n'kuthokoza. Amene ndinawapeza akupukuta misozi kuseri kwa nkhokwe, chisoti cha njinga chili m'manja, ndi adokotala. Samruai anangondifunsa ngati mpunga wapsa.