Tsiku Limene Kambuku Anafa Miyendo

Unali mwezi wa Juni, nthawi yothyola khofi kwathu ku Misuku. Galu wanga Kambuku ankathamangitsa anyani otsika m'nkhalango ya Mughese, monga mwa masiku onse. Polumpha ngalande analira kamodzi kokha, kenako khu pansi. Nditafika sindinaone bala kapena magazi, koma miyendo yakumbuyo inali lende, makamaka wakumanzere. Ankangodzikhwekhwereza akundiyang'ana.

Madzulo mlamu wanga, bambo Msukwa, anabwera ndi chibonga. Anati galu wofa miyendo ndi wachiwewe, aphedwe asanalume ana. Ine mayi wamasiye, munda wa chimanga uli m'mphepete mwa nkhalango, popanda Kambuku anyani angandisiyire chiyani? Ndinagwada pansi kupempha kuti tidikire mlangizi wa ziweto.

Mlangiziyo anafika mawa lake masana panjinga yamoto, fumbi lokhalokha. Anamutsina zala, Kambuku n'kukoka mwendo pang'ono. Anamupapasa msana, sanalire. Anamupatsa madzi, anamwa bwinobwino.

"Mama, katemera ndinamubaya ndekha, ichi si chiwewe," anatero. "Zikuoneka kuti kachidutswa ka chichereŵechereŵe cha pakati pa mafupa a msana katseka mtsempha wa magazi. Ndi sitiroko. Mankhwala ake ndi manja anuwa."

Sitiroko kwa galu! Ndinagwira pakamwa.

Anandiuza kuti ndizimutembenuza asachite zilonda, ndizimupukuta akadzikodzera, ndizimusisita miyendo, komanso ndizimuyendetsa nditamukoleka nsalu kumimba. Ndinatenga chitenje chachipani chomwe ndinalandira pa kampeni. Amayi anzanga akumpingo atandiona ndikuzungulira nyumba nditanyamula galu pachitenje, anakuwa. Chovala cha munthu wamkazi kukulunga galu! Ena anati umasiye wandizunguza mutu. Manyazi ndinali nawo ndithu, koma sindinasiye.

Choyamba kugwedezeka unali mchira. Patapita milungu anaima yekha akunjenjemera, ine misozi mbwee. Lero amatsimphina ndi mwendo wakumanzere, koma akauwa anyani amabwerera m'nkhalango, ndipo chimanga changa ndakolola.

Anzanga, chiweto chikagwa mwadzidzidzi, chimangeni kutali ndi ana, muitane mlangizi msanga. Ine ndinamva pambuyo pake kuti tsiku lomwe mlangizi ankafika, alamu anali atakumba kale dzenje kuseri kwa nthochi zanga.