Chibangili cha Mayi Nakhuwa

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma pa esiteti pano ndinkayenda ngati magetsi ndinalenga ndine. Kuseri kwa fakitale ndinatola maginito ochoka m'galimoto yakufa ya bwana, ndiye othyola tiyi akamapuma masana ndinkawaonetsa zodabwitsa. Misomali, mipeni, masingano, zonse zinkalumphira m'manja mwanga.

Tsiku lina mayi Nakhuwa, amasiye othyola nawo tiyi, anatambasula mkono. Anavala chibangili cha mkuwa chimene malemu amuna awo anawapatsa akadali kwa Apwitikizi.

"Tayesa ichi, mwanawe."

Ndinayesa, chibangili chili phee. Anthu anayamba kundiseka. Chifukwa chake ndinkachidziwa bwinobwino: aphunzitsi anatiuza kuti mkuwa sulabadira maginito pokhapokha m'kati mwake mukamayenda magetsi. Koma ine ndivomere pagulu kuti chitsulo changa chalephera?

"Mayi," ndinatero ndi mawu a kumanda, "chakana chifukwa mwini wake akuchigwirabe."

Palibe anasekanso. Mayiwo anavula chibangilicho n'kukachiponya pakati pa tiyi cha kumtsinje uko.

"Tengani zanu, abambo," anatero. "Ine ndinakulakwirani chiyani?"

Katswirine ndinangobweza maginito anga m'thumba.

Mpaka lero akamathyola tiyi amaima n'kumasisita pamkono popanda kanthu. Lamulungu lililonse m'mawa ndimakwawa m'mizere ija nkhungu isanachoke, kukhwekhwereza maginito pansi, ndikudziwa ndithu kuti sangachikoke. Misomali ndatola yokwana kumangira matchalitchi atatu. Koma tsamba likangogwedezeka kumbuyo kwanga, sinditembenuka.