Zaka Ziwiri Zimene Ndinamuonjezera Asiyatu

Lachiwiri lapitali ndili pakhomo panga kwa Mwambo, ndikulimbana ndi tcheni cha njinga, kunafika mayi ena nkhope ili yakugwa. Ndinawazindikira mochedwa. Anali mayi ake a Asiyatu, mtsikana amene ndinamulemba Sitandade 1 ndisanapume uphunzitsi.

Asiyatu ndi waliwiro. Chiphwereni nyanja ya Chilwa, amathamanga pamatope ouma pomwe bambo ake ankaponya ukonde. Anapambana kuno, anapambana ku Zomba, mpaka anamusankha kukaimira Malawi kunja, ku masewera a achinyamata a mayiko ambiri, komwe ena amakasambira, ena nkhonya, ena mpira wamanja. Lamulo lake ndi lakuti usapitirire zaka 17.

"Aphunzitsi, amuchotsa," anatero mayiwo. "Akuti buku la kusukulu likunena zaka 18. Mwanatu ndinabereka ndekha, ali ndi 16. Analemba ndani zimenezi?"

Ndinalemba ndine.

Inu amene munaphunzira kumudzi mukukumbukira mmene tinkalandirira ana. Mwana ankadutsitsa mkono pamwamba pa mutu. Akagwira khutu la mbali inayo, basi, wakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Asiyatu anali wamtali, mikono ngati nsungwi. Anangotsatira mkulu wake kusukulu ali ndi zaka zinayi, khutu n'kugwira mosavuta, ine n'kulemba sikisi. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, ndipo sindinafunse munthu.

Timakonda kunyoza madoda ometa ndevu, ochepetsa zaka kuti apikisane ndi ana. Alipodi, sindikukana. Koma nanga ana amene tinawakalambitsa ndi cholembera, ndani amawalankhulira? Kwathu kuno mwana amabadwira kwa azamba, khadi la kusikelo chiswe n'kudya, tsiku lobadwa n'kutsala m'mutu mwa mayi: "Inali nthawi yokolola mpunga." Pamudzi zimenezi zimakwanira. Kunjako amafuna pepala, ndipo pepala lokhalo limene mwana wakumudzi ali nalo ndi lija analemba mphunzitsi wotopa.

Lachitatu ndinapalasa njinga mpaka ku ofesi ya zamasewera ku Zomba, nditanyamula kalata youlula kulakwa kwanga. Bambo amene ndinawapeza anawerenga mwaulemu, kenaka anandiyang'ana.

"Achikulire, ndiye tikhulupirire inu a lero kapena inu akale? Mayina tinatumiza kale."

Madzi akatayika saoleka. Masewera otsatira akadzafika, Asiyatu adzakhala atapitiriradi zaka, tsopano moona. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo m'zaka zanga zonse zogwira choko.

Pobwerera ndinawapeza mayi aja akundidikira pamsewu. Sanandikalipire, ngakhale ndikanakonda akanatero.

"Mwanayo sakudziwa," anatero. "Chikwama analongedza kale, nsapato anabwereka kwa mnzake. Mukamuuze ndinu, aphunzitsi. Ine sinditha."

Ndikupitako mawa. Mukanakhala inu, mukanayamba ndi mawu ati?