Sitolo Imene Foni Inkati Imagulitsa Mabokosi

Alamu anga, akazi a achimwene, anakulira m'ntchito yogulitsa mipando. Mpando sagulitsa asanaukhalire okha, ndipo poti thupi anapatsidwa ndithu, mpando umene wapirira iwowo ungapirire aliyense. Ine ndimayendetsa lole ya kampani yomweyo, ndiye zawo ndimazionera pafupi.

Abwana athu ali ndi masitolo atatu. Yatsopano, ya kuseri kwa siteji ya basi, anaipereka kwa alamu. Malo abwino, zenera lalikulu, mkati monunkhira vanishi. Koma makasitomala, ng'o! Kwinako katundu ankatuluka, kuno alamu ankangopukuta fumbi pa makabati. Ochepa obwerawo ankalowa mwakachetechete, maso ali psu, n'kufunsa chapansipansi mtengo wa bokosi la maliro. Alamu ankawabweza mwaulemu, kenako n'kumadandaula kuti malowo ali ndi tsoka.

Abwana si munthu wodikira. Anabwera, nayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mwezi ukatha zili chonchi, atseka. Apo n'kuti achimwene atasiya ntchito chifukwa cha msana, ana awiri ali kusekondale, banja lonse likudya za sitoloyo. Ine zinandinyansa, poti malowo anasankha ndi abwana omwewo, koma ndinangomeza. Lole si yanga.

Sabata yomweyo, ine ndili pomwepo, kunalowa bambo ena ofuna bokosi la mayi awo. Alamu anawakhazika pa sofa yodula kwambiri, anawapatsa madzi, kenako anafunsa:

"Pepani bambo, kodi wakulozerani kuno ndani?"

"Foniyi, mayi. Ndalemba kuti mabokosi pafupi, yandifikitsa pakhomo panu."

Anationetsa. Pa mapu panali chithunzi cha chitseko chathu chomwechi, koma dzina linali la kalipentala wa mabokosi amene ankachita lendi ife tisanabwere. Munthu anasamuka kalekale, foni sinamve. Bambowo atalemba kuti masofa, kunatuluka sitolo yathu yaikulu yokha, ya tsidya lina la tauni. Ya alamu kunalibe, ngati sinatsegulidwe n'komwe.

Alamu anawaperekeza bambowo mpaka kumene kalipentala anasamukira, pobwerera n'kuimbira abwana.

"Kampani ili kale pa intaneti," anatero abwana. "Dzina n'limodzi, ndililembenso katatu?"

"Bwana, ana anu aja dzina la bambo n'limodzi, koma aliyense ali ndi khomo lake. Wofuna wamng'ono mungamulozere kwa wamkulu?"

Abwana anang'ung'udza, koma analola.

Kalipentala sanavute, poti naye anthu ake ankasochera; anasuntha chizindikiro chake pa mapu tsiku lomwelo. Mlembi wa kuofesi analembetsa sitolo iliyonse payokha, ndi msewu wake, nambala yake, nthawi yotsegula ndi yotseka. Zithunzi anajambula alamu okha, ine ndikukoka masofa kuti akhale powala mpaka malaya kunyowa. Aliyense amene anagulapo kwa iwo ngakhale kampando kamodzi anamuimbira kuti alembeko ndemanga. Manyazi anali atawasiya kunyumba.

Za foni sizifulumira. Sabata yoyamba kunali zii. Kenako ine ananditumiza kutali kukatenga matabwa, ndipo alamu sindinawaimbire chifukwa ndinkaopa yankho.

Nditabwerako, mwezi ukutha, abwana anandiitana ali pa foni ina, osandiyang'ana n'komwe. "Pita ndi lole yopanda kanthu kwa alamu akowo." Lole yopanda kanthu ndimadziwa ntchito yake. Ndinayendetsa mokwawa, ndikuwatukwana abwana chamumtima njira yonse.

Ndinapeza bedi, kabati ndi masofa awiri zili kale panja, alamu ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Pepani alamu," ndinatero, misozi ili pafupi.

"Pepani wa chiyani? Mwachedwa! Bedilo eni ake akudikira kuyambira m'mawa, masofawa akupita nyumba ziwiri zosiyana. Mukatula mudzere kosungira katundu, mkatimu mwatsala mpando wanga wokha."

Ndinadziponya pa sofa, n'kuseka mpaka kutsokomola. Alamu nawo anaseka, kenako anatembenukira kukhoma, kupukuta m'maso ndi nsanza yawo yopukutira fumbi.

"Dzukanipo alamu," anatero. "Imeneyo ili ndi mwini wake."